Ulusi wa mkuwa umene umaboola akasinja

Mu 1888, katswiri wa sayansi wa ku America, Charles Munroe, anaphulitsa onga pamwamba pa chitsulo ku Newport, m'chigawo cha Rhode Island. Utsi utabalalika, zilembo zimene anadinda pa ongawo zinapezeka zitagobeka pachitsulocho. Anazindikira kuti mphako ya pa onga imasonkhanitsa mphamvu malo amodzi. Pomafika Meyi 1940, asilikali a Germany anali akugumula malinga a Eben-Emael ku Belgium ndi mabomba a mphako.

Masiku ano mphakoyo amaiyala ndi mkuwa wooneka ngati fanulo. Bomba likaphulika, fanuloyo imafinyika n'kutulutsa kaulusi ka mkuwa komwe nsonga yake imathamanga makilomita 8 kapena kuposa pa sekondi. Ambiri amaganiza kuti kamawotcha chitsulo, koma ayi ndithu. Mkuwawo sufika n'posungunuka pomwe. Kaulusiko kamangokankha chitsulo mwamphamvu yoopsa mpaka chitsulocho kupatukira m'mbali. Akatswiri Garrett Birkhoff, G. I. Taylor ndi anzawo analongosola masamu ake mu 1948: kuya kwa bowo kumadalira kutalika kwa ulusi ndi kulemera kwa mkuwa poyerekeza ndi chitsulo.

Nkhani yagona pa mtunda wa pakati pa bomba ndi chitsulo. Nsonga ikamathamanga chonchi, mchira umatsalira pa makilomita pafupifupi 2 pa sekondi, ndiye ulusi umanka nutamuka. Ukatalika, umaboola mozama. N'chifukwa chake bomba loboola akasinja la RPG-7 lili ndi mphuno yaitali: imachititsa kuti liphulike patali pang'ono, ulusi upeze mpata wotamuka.

Koma kutamuka kuli ndi polekezera. Mtunda ukapyola muyezo, ulusi umaduka tizidutswa. Tina timapinduka, tina timakhotera m'mbali n'kukamenya khoma la bowo m'malo mofika pansi pake. Kakupendama kochepa ka fanulo, komwe pafupi sikakanasokoneza kanthu, patali kamabalalitsa zonse.

Ofuna kulasa kutali anasiya ulusi. M'malo mwa fanulo amaika kambale kosaya, kamene kamapindika n'kusanduka chipolopolo chimodzi, chimene amati EFP. Chimauluka mamita ambirimbiri osaduka, koma bowo lake silizama: kuya kwake n'kofanana chabe ndi kukula kwa bombalo, pomwe ulusi umalowa kasanu kapena kuposa. Ulusiwu sugwira ntchito kunkhondo kokha. Makampani okumba mafuta amabowolera mapaipi pansi pa zitsime zawo kuti mafuta alowe.