Mnyamata asananyamule gogodela, ayambe waphunzira

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, udzu n'kuuma, anyamata a ku Tsangano ndi ku Macanga amaitana agalu, kutenga mauta ndi zibonga, ulendo wa ku uzimba. Ena amanyamula gogodela wa agogo awo. Koma abale anga, tadzifunsani: kodi ana amenewa adawaphunzitsa ndani?

Kale mnyamata sankangodzuka n'kukhala mlenje ayi. Ankayamba ndi kugwira agalu ndi kusenza nyama, akuluakulu akumuonetsa poima pamzere ndi kolozetsa mkondo. Nkhondo idasokoneza maphunziro amenewa. Mabanja ambiri adathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo mtendere utabwera pa 4 Okutobala 1992, mfuti zidatsala m'midzi koma aphunzitsi adachepa. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kulandira mfuti ndi kupereka makasu, njinga ndi makina osokera m'malo mwake.

Ine ndili ndi mnzanga wa kusukulu amene lero alibe zala ziwiri. Adathira onga wambiri mu gogodela, mpope n'kumuphulikira m'manja. Panalibe adamuuza muyeso wake. Paja safunsa adadya phula.

Zoyenera kuphunzitsa n'zosavuta. Mfuti iliyonse uziiona ngati ili ndi chipolopolo, ndipo usaloze nayo munthu ngakhale mocheza. Usaombere chifukwa chakuti tchire lagwedezeka: umati ndi nguluwe, pamene ndi mayi wotola nkhuni kapena mwana woweta ng'ombe. Kachasu ndi uzimba siziyendera limodzi. Moto wosakira mbewa ukalusa ndi mphepo ya Seputembala umapsereza nkhokwe, msipu ndi mitengo ya mapichesi. Nyama yopezeka itafa yokha isasendedwe kapena kudyedwa, chifukwa matenda ngati anthrax amagwira munthu kudzera m'magazi ndi chikopa.

Mu 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika kuti munali mabomba okwirira ayeretsedwa. Komabe mukaona chitsulo chachilendo kutchire, musachigwire. Ikani chizindikiro chapatali, mukauze a nyakwawa ndi apolisi.

Palinso lamulo. Kusaka kumafuna chilolezo cha boma, ndipo lamulo nambala 16 la 2014 limati wopha nyama zotetezedwa apite kundende. Mnyamata wosadziwa zimenezi akhoza kutaya unyamata wake wonse kaamba ka nyama imodzi.

Ku America, chigawo cha New York chidalamula mu 1949 kuti mlenje watsopano aziyamba waphunzira asanapatsidwe chilolezo. Ife sitikusowa kalasi ya malata. Bwalo la mfumu lilipo, alenje okalamba alipo, kuyambira ku Furancungo mpaka kumalire a Biriwiri. A nyakwawa, itanani anyamata tsiku limodzi uzimba usanayambe. Makolo, ana anuwo apite ndi kukamvera, kuti madzulo onse abwerere kumudzi ndi miyendo yawo.