Ku Beira, mlendo amayamba ndi kuphunzira madzi

Munthu wokulira ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amadziyesa katswiri pa nkhani za nyanja. Koma akasamukira ku Beira, mzinda wa ku Mozambique womwe uli pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere, amagwira pakamwa tsiku loyamba lomwe. M'mawa apeza mafunde akumenya khoma la m'mbali mwa msewu. Pofika masana madzi aja athawira kutali, asiya matope okhaokha ndi mabwato ogona cham'mbali. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula. Ya ku Beira imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukangokhala kapena ukakhala wathunthu, kusiyana kwake kumafika mamita 6.

Zimenezi si zongoonerera ayi. Mzindawu, womwe uli ndi anthu oposa 500,000, unamangidwa pachigwa chamadambo, ndipo madera ambiri ndi otsika kwambiri. Mvula yamphamvu ikagwa nyanja itadzaza, madzi a m'ngalande amasowa kolowera, basi amabwerera m'makomo mwa anthu. N'chifukwa chake pakamwa pa kamtsinje ka Chiveve, kamene kamadutsa pakati pa tauni, anaikapo zitseko zoti azitsekula ndi kutseka potsata nyanjayo.

Choncho wofuna nyumba ya lendi asathamangire kufunsa mtengo. Ayambe wayang'ana khoma. Pamene panafika madzi chaka chatha pamatsala mzere wa matope, ndipo penti watsopano wongolekezera m'mawondo ndi wokayikitsa. Landilodi anena kuti kuno sikusefukira. Mayi wogulitsa makala pakona ndiye anene zoona. Ku Munhava ndi ku Manga nyumba n'zotsikirako mtengo ndipo anthu ndi othithikana, pomwe ku Ponta Gêa ndi ku Macuti, kufupi ndi gombe, kumafuna thumba lonenepa. Kulikonseko mphepo yamchere siisankha: loko wa pachitseko, malata, tcheni cha njinga, zonse zimachita dzimbiri msangamsanga.

Nkhani ya malata ikangoyambika, imathera pa Idai. Namondweyu anafika pa Beira usiku wa pa 14 Marichi 2019, patangopita masiku ochepa mvula yake itasefukiza midzi ya m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Madenga anauluka, magetsi ndi mafoni zinazima, ndipo msewu waukulu wa EN6 unaduka, mzinda nkutsala wokha. Daviz Simango, yemwe anali meya kuyambira 2003 mpaka pomwe anamwalira mu 2021, anali atatha zaka akumenyera za ngalande ndi zotchinga gombe. Mlendo amene waona matumba a mchenga pamwamba pa denga la mnzake asaseke, akagule ake.

Mayendedwe savuta. Minibasi kumeneko amati chapa, kondakitala ndi cobrador, ndipo pali tinjinga tamoto ta matayala atatu totchedwa txopela, tomwe mtengo wake muyenera kugwirizana musanakwere. Ndalama ndi metical.

Pa chilankhulo, wochokera ku Nsanje kapena ku Chikwawa ali ndi mwayi, pakuti Chisena n'chofala m'misika pamodzi ndi Chindau. Wa ku Kasungu amatolako mawu apa ndi apo, okwana kunenerera mtengo wa tomato. Koma ku ofesi, ku chipatala ndi ku banki kumafunika Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chomwe ambiri amachidalira sichifikitsa munthu patali.

Nsomba nazo zimatsata madzi, osati wotchi. Ku Praia Nova asodzi amakocheza nyanja ikalola, ndiye wopita m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi tsiku lina akapeza mabeseni odzaza camarão (ma prawn) ndi nkhanu, tsiku lina akapeza ntchentche zokha. Nsima ilipo, amaitcha xima, koma ndiwo zambiri amatendera ndi kokonati, ngakhale chigwada chimene. Lilime lozolowera nsinjiro limayamba lanyinyirika, kenaka limagonja.

Lamulungu masana ndi bwino kungoyenda wapansi. Ku Macuti kuli nsanja younikira sitima za panyanja ya mu 1904, ndipo patsinde pake pagona chigoba cha sitima chodyeka ndi dzimbiri. Ku Ponta Gêa kuli Grande Hotel, yomwe inatsekulidwa m'zaka za m'ma 1950 ngati hotela yapamwamba zedi nkutsekedwa mu 1963 itasowa alendo okwanira. Lero mukukhala mabanja ochuluka, opanda magetsi ndi mipope, zovala zitayanikidwa m'makhonde. Ndi pakhomo pa anthu, si malo ongofikira kujambula.

Mmalawi ku Beira sasowa wakwawo. Ubalewu ndi wakale: mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, sitima zochokera ku Nyasaland zinkafika padoko la Beira popanda kuwolotsa katundu pamadzi. Masiku ano mafuta a galimoto ndi feteleza wambiri amanyamuka pomwepa pa mathiraki, kudzera ku Inchope, Chimoio ndi Tete mpaka ku Mwanza. Pamalo pomwe madalaivala amadikira kupakira katundu, Chichewa chimamveka tsiku lonse, ndipo kathumba ka ufa kochokera kumudzi kawirikawiri kamatsikira pomwepo.