Sitolo za ku Britain zikufa ndi lendi, intaneti ikungomalizitsa

Sitolo ikatsekedwa m'misewu yamalonda ya ku Britain, ambiri amathamangira kuloza chala intaneti. Ine ndikuona kuti chimene chimaipha ndi lendi, msonkho wa nyumba ndi ngongole. Woolworths idagwa mu 2008, BHS mu 2016, Debenhams idatseka zitseko mu 2021, ndipo Wilko, yomwe inali ndi sitolo pafupifupi 400, idatsatira mu 2023. Zonsezi zinali m'nyumba zikuluzikulu, zikugulitsa katundu wosakanizika, mapoto apa, matawulo apo, popanda chimodzi chokokera wogula pakhomo pawo. Tsopano mtolo walemeranso: kuyambira Epulo 2025, msonkho wa National Insurance umene olemba ntchito amalipira udakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti.

Wina anganene kuti intaneti ndiyo yapambana, poti Boohoo, yomwe imagulitsa pa intaneti, idagula dzina la Debenhams pa mapaundi 55 miliyoni n'kusiya nyumba zonse. Zoonadi, koma nanga bwanji Primark, imene imadalira anthu olowa m'sitolo, ikadali chiimire? Anthu sanaleke kupita m'tauni. Aleka kulowa m'sitolo zopanda chowakopa. N'chifukwa chake pofuna kudziwa amene ali pangozi, ndimayang'ana ogulitsidwa motchipa kwa makampani okonzanso mabizinesi odwala. Mu 2025 Poundland idagulitsidwa pa paundi imodzi yokha, ndipo sitolo za m'matauni za WHSmith zidagulitsidwa n'kusanduka TGJones. Izi sizikutanthauza kuti zitha mawa, koma nthambi iliyonse yosabweza lendi yake mwini watsopano sangaisunge.