Chifwamba, anamapopa ndi Napolo: Nkhani zoopsa za ku Thyolo zikudikira alembi

Mukamayenda pa msewu wochoka ku Limbe kulowera ku Mulanje m'mamawa, nkhungu ikadali pansi, minda ya tiyi ya ku Thyolo imaoneka ngati mphasa yobiriwira yomwe wina wayala pa zitunda. Ambirife timangotulutsa foni pa windo la minibasi, n'kujambula, n'kuponya pa WhatsApp. Chimene chithunzicho sichionetsa n'choti dera lokongolali lakhala likubala mphekesera zoopsa kwambiri m'mbiri ya dziko lino. Ndipo mphekeserazo zaphetsa anthu enieni.

Mu Ogasiti 1953, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, eni munda achizungu adagwira anthu awiri omwe ankawaganizira kuti akuba malalanje. Posakhalitsa mbiri idawanda kuti awiriwo aphedwa, ndipo kuti azunguwo ndi achifwamba, anthu oba anzawo n'kukawadya. Anthu adakwiya, zipolowe zidafalikira m'maboma a kumwera, ndipo pomwe fumbi limakhazikika anthu 11 adali atafa.

Kumapeto kwa 2002 mphekesera ya opopa magazi idabukanso, munthu wina n'kugendedwa mpaka kufa ku Thyolo komweko. Mu 2017 anamapopa adamvekanso, kuyambira ku Mulanje n'kufika ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa pongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa kaye antchito ake m'madera ena.

N'zosavuta kungoti ndi umbuli basi. Koma taganizirani za munthu wa mu 1953 uja. Makolo ake mwina adachokera ku Mozambique, monga Alomwe ambiri a m'derali, n'kupeza kuti malo achonde ali kale m'manja mwa maesiteti. Kuti akhale pamalopo ankayenera kugwira thangata, ntchito yokakamizidwa yolipirira pokhala. Thukuta lake limasanduka tiyi, tiyiyo n'kukwera sitima kupita kwa anthu omwe iye sadzawaona. Munthu wotero akamva kuti mwini munda amadya anthu, nkhaniyo siimudabwitsa kwenikweni. Ikungonena mwa njira yoopsa chomwe thupi lake likudziwa kale. Katswiri wa mbiri yakale Luise White, m'buku lake la 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, adaonetsa kuti nkhani za opopa magazi zidamveka m'maiko ambiri a kuno m'nthawi ya atsamunda, ndipo anthu ankazigwiritsa ntchito pofotokoza momwe ntchito ndi ulamuliro zimawayamwira.

Apa ndi pomwe pakubwera alembi. Mantha akakhala pakamwa pokha, amasaka munthu woti agendedwe. Akalowa m'buku kapena m'ndakatulo, timatha kuwatembenuza, kuwayang'ana mbali zonse, n'kufunsa kuti kodi chikutidya kwenikweni n'chiyani.

Malemu Steve Chimombo adaidziwa bwino ntchito imeneyi. Adatenga Napolo, chinjoka chomwe makolo amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula miyala n'kukokolola midzi, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946. M'ndakatulo zake, zomwe zina zidatuluka m'buku la Napolo Poems mu 1987, chinjokacho chimayimira mphamvu iliyonse yodza mosaimba ng'oma n'kusiya anthu ali kakasi, akuopa ngakhale kufunsana kuti chadutsa n'chiyani. Kumbukirani kuti iyi idali nthawi ya Kamuzu, pomwe bungwe lounika mabuku linkawerenga mzere uliwonse, ndipo m'chaka chomwecho mlakatuli mnzake Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu komwe adakhala mpaka 1991. Owerenga ochenjera ankadziwa kuti Napolo wa Chimombo sakhala pansi pa phiri pokha. Ndipo namondwe wa Freddy atagumula mapiri a kumwera mu Malichi 2023, dzina loyamba kutuluka pakamwa pa anthu ambiri lidali lomwelo. Mlakatuli adasankha chilombo chosakalamba.

M'badwo watsopano wayang'ana kutsogolo. Shadreck Chikoti, mu Azotus the Kingdom, akutitengera zaka 500 mtsogolo, kudziko komwe anthu amapatsidwa zonse koma aliyense amakhala yekhayekha, wopanda ufulu wofunsa. Buku la Imagine Africa 500, lomwe lidasindikizidwa ku Lilongwe mu 2015, lidasonkhanitsa nkhani za mtundu womwewu za alembi a m'Malawi ndi maiko ena a mu Africa. Muthi Nhlema, mu Ta O'Reva, adabweza Nelson Mandela kudzaona South Africa itasokonekera. Ekari Mbvundula, mu Montague's Last, adalemba za kapolo ali m'ndende ku France akumaliza ntchito yake yotsiriza mothandizidwa ndi matsenga. Awa ndi alembi aluso, ndipo atsimikiza kuti Mmalawi angathe kulemba za mawa popanda kupempha chilolezo kwa aliyense.

Koma tiyeni tinene chilungamo. Nkhani zonsezi zili m'Chingerezi. Mayi yemwe wasenza dengu kumsana kuyambira mbandakucha, akudikira kapitawo pa sikelo, sadzaziwerenga. Mwana wake yemwe ali ndi foni mwina angaziwerenge, koma chomwe chimamufika msanga ndi nkhani zoopsa za m'Chichewa zomwe zimatuluka gawo ndi gawo pa Facebook, kapena zomwe zimayenda m'mavoisi a pa WhatsApp. Zina mwa izo n'zokoma ndithu, zimakugwira mpaka bando kutha. Vuto lake, zambiri zimathera pamodzimodzi: mfiti ndi agogo a kumudzi, kapena apongozi, kapena mayi wamasiye wa nyumba ya kumapeto. M'dziko lomwe okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti, nkhani yotere ikuthira palafini pamoto.

Choncho tikamaweruza nkhani yoopsa, kungoti "yandiopsa" sikokwanira. Tifunsenso: ikatha, chala changa chikuloza ndani? Ngati chikuloza munthu wofooka yemwe sangadziteteze, mlembiyo wangobwereza mphekesera. Ngati ikundichititsa kuganiza za malipiro, za malo, za dyera la m'banja, za phiri lomwe talimeta mitengo, ndiye kuti wagwira ntchito. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Mu Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, chodabwitsa ndi mbalame yoimba, koma choopsa chenicheni ndi munthu wopha mnzake chifukwa cha chuma. Mbalameyo ntchito yake n'kuulula.

Thyolo ili ndi zonse zomwe mlembi wa nkhani zoopsa kapena za mtsogolo angafune. Pali mizere ya tiyi yomwe munthu angasoweremo nkhungu ikatsika, mafakitale olira usiku, nyumba zakale za atsamunda monga za ku Satemwa komwe kudayamba mu 1923, ndi midzi yothinana m'mphepete mwa minda yaikulu. Pali funso lomwe mwana aliyense wa kumeneko angalifunse: makina akadzayamba kuthyola tiyi yense, ife tidzapita kuti? Imeneyo ndi nkhani ya sayansi yathunthu, ndipo siikufuna roketi.

Ndiye inu amene muli ku Bvumbwe, ku Luchenza kapena ku Thekerani, foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi ndi yokwanira kulembapo ina. Pitani kwa agogo, osati kukawasandutsa mfiti ya m'nkhani yanu, koma kukawafunsa zomwe adamva za chifwamba ali ana, ndi chomwe anthu ankaopa kwenikweni. Mukazilemba m'Chichewa chomwe amalankhula pa sikelo paja, mudzakhala mwapatsa mantha a ku Thyolo malo okhala osati pa msewu pomwe pali miyala.