Abale athu kutsidya kwa Shire

Kwa Tengani, m'boma la Nsanje, malire a dziko ndi madzi chabe. Ukawoloka Shire pa bwato wafika m'boma la Morrumbala, chigawo cha Zambezia. Ukakwera mapiri a kumadzulo watsikira m'chigawo cha Tete. Konseku akuyankha moni m'Chisena kapena m'Chimang'anja, ndipo maukwati ndi maliro amayenderana.

N'chifukwa chake mu Disembala 2024, anthu zikwizikwi atathawa zipolowe za chisankho ku Mozambique, anawolokera kwa Tengani ndi ku Nyamithuthu, komwe makolo awo anabisalako nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ambirife tinangomva kuti kwabwera othawa kwawo. Za maliro amene anawasiya kumbuyo sitinafunse, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Chisankho chinachitika pa 9 Okutobala. Patangopita masiku khumi, Elvino Dias, loya wa Venâncio Mondlane, yemwe ankapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, anawomberedwa m'galimoto ku Maputo pamodzi ndi Paulo Guambe wa chipani cha Podemos. Anthu atatuluka m'misewu, mazanamazana anaphedwa. Koma a ku Mozambique salola kuti wophedwa angoikidwa m'manda basi. Nkhope za awiriwa zinayenda pa malaya ndi pa zikwangwani, usiku amayi ankamenya mapoto m'makomo, ndipo achinyamata ankaimba "Povo no Poder", nyimbo ya Azagaia, woimba amene anamwalira mu Marichi 2023, yemwe nkhope yake ajambula pa zipupa za m'tauni.

Khalidweli ndi lakale. Ku Mueda, komwe Apwitikizi anawombera khamu la odandaula pa 16 Juni 1960, anthu a m'deralo ankachita sewero la tsikulo pamalo pomwepo, ena kuvala ngati asilikali, ena kugwa ngati ophedwa. Ruy Guerra analijambula kukhala filimu mu 1979.

Mmang'anja wa kwa Tengani sangadabwe nazo. Ku Khulubvi, pafupi ndi boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona, mlauli wa mvula amene mbiri imati anaphedwa ndi adani ake pa nkhani za ulamuliro. Papita zaka mazana, koma kachisiyo akagwa amammanganso, nsembe amathirabe, ndipo kalekale mitulo yake inkachokera mbali zonse ziwiri za mtsinje, mpaka ku Zambezi.

Ife tili ndi 3 Marichi, tsiku lokumbukira ophedwa a 1959. Nanga anthu 20 aja amene anaphedwa pa zionetsero za 20 Julaye 2011? Ena agona ku Zolozolo, ku Mzuzu. Ndikufuna mwana wa sukulu wa kwa Tengani adzawone nkhope zawo pa chipupa, awerenge mayina awo mokweza.