Mwana Akamayezedwa M'mimba ndi Kachubu

Mwana wamng'ono sadziŵa kulavula makhololo. Akatsokomola amangoŵameza, ndipo usiku wonse amaunjikana m'mimba mwake. Nchifukwa chake dokotala akamganizira mwana chifuwa chachikulu, chija timachitcha TB, nthaŵi zina amalamula kuti makhololowo akatengedwe m'mimba momwemo. Ntchitoyi imachitika m'mamaŵa, mwana atakhala maola 4 osadya kanthu, kapena maola 3 ngati ali wakhanda. Namwino amaloŵetsa kachubu kofeŵa m'mphuno mpaka kakafike m'mimba, nakoka timadzi tokwana mamililita 5 kufikira 10, ndiye kuti sipuni yaing'ono imodzi kapena ziŵiri. Timadzito ndito amakayeza m'makina a GeneXpert.

Amayi ambiri amadabwa poona namwino atavala magolovesi ndi chophimba pakamwa ndi pamphuno, mazenera ali otsegula ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni, abale ena atauzidwa kuti adikire panja. Ena amayesa kuti namwinoyo akunyansidwa ndi mwana wao. Sichoncho ai, ndipo nkofunika kuti mumve chifukwa chake.

Kachubu kakakhudza kukhosi, mwana amalira, amatsokomola, amayetsemula, mwinanso kusanza kumene. Pochita zimenezi mkamwa ndi m'mphuno mwake mumatuluka timadontho ta malovu ndi mamina. Inu amayi mumadziŵa zimene zimachitika popeta: madeya amagwera pafupi ndi mapazi anu, koma kafumbi kosalala kamauluka nikakafika kwa mnzanu amene wakhala patali. Timadontho nato tili chimodzimodzi. Tokulirapo timagwa msanga, mita imodzi kapena aŵiri kuchokera pa wodwala, ndipo timatera pankhope, pamanja, pachitenje kapena pabedi. Tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timayandama mumpweya. M'chipinda chotseka mazenera timakhalamo nthaŵi yaitali, ndipo aliyense woloŵamo amatipumira m'mapapo. Kachirombo ka chikuku kangathe kukhala mumpweya mpaka maola 2 wodwala atatuluka kale.

Pano tinene zoona zokhazokha, kuti musachite mantha opanda pake. Mwana wosakwana zaka 5 sapatsira ena TB kaŵirikaŵiri, pakuti tizirombo m'mapapo mwake timakhala tochepa, ndipo chifuwa chake chilibe mphamvu yotiponya kutali. Zimene angamwaze pa nthaŵi yoyezayi ndi chimfine, chikuku, chifuwa chokoka mtima ndi COVID-19. Kunena za TB, woopsa weniweni m'chipindamo angakhale munthu wamkulu amene wamperekeza. Mwana saitola TB kutchire. Kaŵirikaŵiri amaitenga kwa wamkulu wokhala naye nyumba imodzi: agogo amene akhala akutsokomola chiyambire nyengo yokolola, bambo, mwina mayi yemwe. Tsono ngati inu mwakhala mukutsokomola sabata ziŵiri, kapena mukutuluka thukuta usiku, kapena mukuwonda, muuzeni namwino musanaloŵe. Adzakupatsani chophimba pakamwa, ndipo nanunso mudzayezedwa makhololo. Kubisa zimenezi nkumlakwira mwana wanu yemwe, chifukwa angachire kuchipatala nakaitenganso kunyumba.

Akuluakulu nawo ali ndi kuyeza kwao kwa m'mimba. Pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, dokotala amaloŵetsa pakamwa chubu chokhala ndi nyali ndi kamera, chotchedwa endoscope, kuti aone zilonda za m'mimba kapena chotupa chapakhosi. Amapopera mpweya m'mimba kuti aone bwino, motero wodwala amageya ndi kutsokomola kwambiri, ndipo timadontho timachuluka. M'chaka cha 2020, COVID-19 itafalikira, zipatala za m'maiko ambiri zidayamba zaimitsa kuyeza kotere kwa odwala amene akadatha kudikira. Ngati bambo wa kunyumba kwanu aitanidwa kukayezedwa motero, musapite ndi mwana kumbuyo kukaima pakhomo pa chipindacho.

Tsiku loyeza mwana, aloŵe naye munthu mmodzi yekha. Khanda lina ndi mayi woyembekezera atsale panja pamene pakupita mphepo. Mumfunyize mwana nsalu kuti manja asakoke kachubu, mumgwire monga namwino akuuzirani, ndipo nkhope yanu isayang'anane ndi kamwa lake. Musatseke zenera poopa kuti azizidwa, mfunditseni bulangete. Akasanza, musapukute ndi nsonga ya chitenje chimene mudzaberekera mwana. Pemphani chopukutira, ndipo chovala chodetsedwa mukachichape ndi sopo ndi kuchiyanika padzuŵa. Sambani m'manja ndi sopo musanamuyamwitse. Mukafika, onetsani buku lake la kusikelo kuti namwino aone ngati adalandira katemera wa BCG ndi wa chikuku.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lidavomerezanso kuti TB ya ana iziyezedwa m'chimbudzi chao, popeza makhololo omezedwa aja amatulukira komweko. Njirayi safuna kachubu, ndipo mwana salira kapena kutsokomola. Funsani ngati ilipo pa chipatala chanu. Akakupatsani kabotolo, tapani chimbudzi ndi kasipuni kake, tsekani zolimba, sambani m'manja ndi sopo, ndipo mukapereke tsiku lomwelo.