Mayina a Zitsulo za Kumbuyo kwa Galimoto

Ku Lobi, m'boma la Dedza, alimi a mbatatesi, tomato ndi kabichi amadalira magalimoto akale onga Toyota Hilux potumiza zokolola kumisika ya ku Dedza ndi ku Lilongwe. Katundu wolemera ndi misewu yokumbika zimawononga msanga zitsulo za kumbuyo kwa galimoto. Chitsulo chikathyoka, mwini galimoto amatuma munthu kutauni, ndipo dzina likalakwika, pamabwera chitsulo china, zokolola n'kuwonongeka. Choncho alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kudziwa ntchito ya chitsulo chilichonse asanalembe dzina lake.

1. Zitsulo zonyamula

(a) Sipiring'i: malipande a chitsulo osanjikizana, omangidwa pa ekisero ndi mabawuti okhota ngati lembo la U. Ndiyo imasenza katundu. Lipande likathyoka, galimoto imapendekera mbali imodzi.

(b) Shoko: chitsulo chokhala ndi mafuta m'kati, choletsa galimoto kunjanja. Sichisenza katundu. Mashoko amasinthidwa awiri pamodzi.

(c) Bushi: mphira yokhala kumapeto kwa sipiring'i. Ikatha, zitsulo zimagogodana.

Sipiring'i ndi shoko zisatchulidwe ndi dzina limodzi, popeza wogula shoko galimoto itapendekeka wataya ndalama.

2. Zitsulo zoyendetsa mateyala

(a) Polopera shafuti: mpope wotenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu. Mfundo zake, zooneka ngati mtanda, zimafuna girizi. Zikatha, galimoto imagunda ponyamuka ndi kunjenjemera pothamanga. Mmisiri amaika chizindikiro asanamasule mpopewu kuti aubwezere monga unalili.

(b) Difu: magiya okhala pakati pa ekisero. Pokhota, teyala la kunja limayenda mtunda wautali kuposa la m'kati, ndipo difu imalola kuti mateyalawa azungulire pa liwiro losiyana. Mafuta ake ndi okhuthala kuposa a injini, ndipo akachepa imalira.

3. Kalembedwe

Mawuwa ndi obwereka, koma amisiri anawazolowera kale, kotero palibe chifukwa chopekera ena. Chofunika ndi kuwalemba motsata malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene anatuluka mu 1973 ndi kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990.

(a) Phatikizo lithere ndi lembo la liwu: di-fu, bu-shi, sha-fu-ti.

(b) Lembo la r limatsata e kapena i, pamene l amatsata a, o kapena u. Motero tilembe girizi ndi ekisero. Mawu oti polopera akusonyeza mbali zonse ziwiri za lamuloli.

(c) Ng' ndi wosiyana ndi ng, monga mu ng'ombe ndi ngoma. Tilembe sipiring'i ndi bering'i.

(d) Pochulukitsa, ma- aphatikizidwe ku dzina popanda mpata: mashoko, mabushi, masipiring'i.

Pamene Chichewa chili ndi mawu akeake, makamaka aneni, tisabwereke. Timati kumasula, kumanga, kuthira mafuta, kupaka girizi ndi kuchirikiza galimoto. Mneni womalizayu asasowe m'buku lililonse la zaumisiri, chifukwa jeke ntchito yake ndi kukweza chabe. Munthu asalowe pansi pa galimoto isanachirikizidwe ndi zitsulo zolimba pamalo osalala, mateyala a kutsogolo atapingidwa.